Akuti mu saladi yanga muli chimbudzi: kodi ku labotale amaona bwanji?

Funso

Ndine mayi wa ku Nchalo, ndili ndi kalesitilanti kufupi ndi msika. Ndimaphika nsima, mpunga, nyama ya mbuzi, mlamba, komanso tchipisi ndi saladi. Mwezi watha kunabwera a zaukhondo, anatapa zakudya m'timatumba ndi madzi a m'chigubu. Patatha sabata anabwera ndi pepala. Pa nsima ndi nyama panalembedwa "E. coli <10 cfu/g", pa saladi "E. coli 240 cfu/g", pa madzi "35 cfu/100 ml", ndipo Salmonella akuti sanamupeze. Pondifotokozera anangoti, "Mayi, mu saladi yanu muli chimbudzi." Anatero atsikana anga antchito akumva, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Ine ndine munthu waukhondo, palibe kasitomala amene anabwerapo kudzadandaula m'mimba. Kodi amachiona bwanji chimbudzi m'kabichi woyera? Nanga sangalakwitse?

Yankho

Mayi, mtima ukhale m'malo. Amene anakubweretserani pepalayo sananame, koma anafupikitsa nkhani mpaka inasanduka chipongwe, ndipo kukuuzani pamaso pa antchito anu kunali kulakwa. Ku labotale palibe amene anaona chimbudzi m'kabichi wanu. Ngakhale titamuika pa maikulosikopu tsiku lathunthu sitingachione. Chimene timachita n'kusaka kachilombo kamodzi kodziwika bwino kamene kwawo ndi m'matumbo, kukapatsa chakudya, kukafunditsa usiku umodzi, m'mawa n'kuwerenga ana ake. Pepala lanulo mukadziwa kuliwerenga mupeza kuti likukuyamikani pa moto wanu, ndipo chala likuloza malo amodzi okha.

Kachilomboko ndi Escherichia coli, mwachidule E. coli. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, amene anakapeza m'chimbudzi cha makanda mu 1885. Kamakhala m'matumbo a munthu aliyense, inu ndi ine, komanso a ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Mu galamu imodzi yokha ya chimbudzi mumakhala tizilomboti mamiliyoni, ndipo mitundu yake yambiri siidwalitsa. Mwina mufunsa kuti tikutayiranji nthawi ndi kachilombo kosadwalitsa m'malo mosaka kolera yemweyo. Chifukwa chake n'chakuti matenda oyenda ndi chimbudzi ndi ambiri: kolera, tayifodi, kamwazi, mavayirasi otsegula ana m'mimba, njoka zam'mimba. Lililonse lili ndi kasakidwe kake, kodula, ndipo amabwera mwa apo ndi apo, lero alipo mawa palibe. Pomwe E. coli sasowa paliponse pamene chimbudzi chadutsa. Zili ngati mlimi wa dimba m'mbali mwa Shire amene m'mawa wapeza ndowe za mbuzi pakati pa chimanga chake. Mbuziyo mwina sinadye kanthu, koma iye wadziwa kuti mpanda uli ndi mpata, ndipo mpata walowera mbuzi lero ndi womwewo zidzalowere ng'ombe.

Dziwaninso kuti kuyeza kumeneku sikusiyanitsa za munthu ndi za chiweto. Kwanuko, kuyambira ku Ngabu mpaka ku Bangula, ziweto zimamwa pamodzi ndi anthu ndipo ndowe zouma zimauluka ndi fumbi. Kabichi wothiriridwa ndi madzi a m'khwawa kapena wothiridwa manyowa osaola akhoza kufika pakhomo panu atanyamula kale katundu wake.

Pali mayina atatu amene anthu amawasokoneza, ngakhale ife ogwira ntchitoyi tikamafotokoza mothamanga. Loyamba ndi coliforms, banja lalikulu la mabakiteriya amene amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi ndi mpweya akafunditsidwa pa madigiri 35 mpaka 37. M'banjamo muli ena, monga Klebsiella ndi Enterobacter, amene amakhala m'dothi ndi pamasamba popanda chimbudzi chilichonse. Kabichi wa kumunda akapezeka ndi coliforms ine sindidabwa, ndipo sindingaime pamaso pa munthu n'kumuuza kuti akugulitsa zonyansa. Lachiwiri ndi faecal coliforms, amene amakulabe kutentha kukafika madigiri 44. Ambiri a m'dothi pamenepo amalephera, koma kumadera otentha ena a iwo amapirira, choncho umboni wawo ndi wabwinopo koma si wathunthu. Lachitatu ndiye E. coli weniweni. Pepala lanu likutchula ameneyu, ndipo apa ndisakunamizeni, pothawira palibe.

Tiyeni tilowe m'chipindamo. Kathumba kanu katafika, wogwira ntchito anapukuta tebulo ndi spiriti, anayatsa kamoto ka gasi pambali kuti fumbi lisagwere pa ntchito yake, n'kupima magalamu 10 a saladi pa sikelo. Anawathira m'thumba lapulasitiki lopanda kachilombo kalikonse n'kuonjezera mamililita 90 a madzi a kamchere ndi peptone, ophikidwa kale mu autoclave, poto wotsekeka zolimba amene amafika madigiri 121 kwa mphindi 15. Thumbalo limalowa m'makina otchedwa stomacher, okhala ndi timanja tiwiri tachitsulo tolimenya mosinthana, phwa phwa phwa, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mpaka tizilombo tokakamira pa kabichi titakutumukira m'madzimo. Apa saladi yasungunulidwa kakhumi. Amatapa mililita imodzi n'kuthira m'chubu cha mamililita 9, ndiye kuti yasungunuka ka 100. Kuchoka m'menemo imodzinso kupita m'chubu china, ka 1,000. Timatero chifukwa sitidziwiratu ngati tizilombo tili tochepa kapena tadzadza ngati linthumbu, ndipo tikufuna mbale imodzi imene munthu angawerenge ndi maso.

Kuchokera pa kusungunula kulikonse, mililita imodzi imapita m'kambale ka chivundikiro, n'kuthiramo chakudya cha tizilombo chofunda chimene chikazizira chimagwirana ngati phala la dzulo. Chochigwirizanitsa ndi agar, wochokera ku ndere za m'nyanja zamchere. Chakudya chimene malabotale ambiri amagwiritsa ntchito pa E. coli masiku ano chimatchedwa TBX, ndipo chili ndi misampha iwiri. Muli mchere wa ndulu, umene umafooketsa tizilombo tosazolowera m'matumbo. Wa m'matumbo ndulu anakula nayo, saiopa. Mulinso mankhwala opanda mtundu amene E. coli, pafupifupi yekha mwa abale ake, amatha kuwaswa, ndipo akasweka amatulutsa mtundu wobiriwira mopita ku buluu. Mbalezo zimagona mu inkyubeta, kabati yofunditsa yonga ija yoswetsera mazira, pa madigiri 44 kwa maola 18 mpaka 24.

M'mawa mwake ndi pamene ntchitoyi imakoma. Mukaima pamwamba pa phiri potsika msewu wa ku Blantyre kulowera ku Thabwa, munthu mmodzi woyenda m'chigwa simungamuone, koma mudzi mumauona. M'mbalemu n'chimodzimodzi. Kachilombo kamodzi sikaoneka, koma pamene kanagwera kanadzigawa pawiri, tiwirito tinayi, usiku wonse, mpaka panamangika mudzi wa mamiliyoni umene ukuoneka ngati kadontho kabuluu kosaposa njere ya mapira. Timatembenuza mbale n'kumagunditsa cholembera pa kadontho kalikonse kuti tisawerenge kawiri. Zilembo za cfu zija tanthauzo lake ndi limeneli: kholo limodzi, kapena kagulu komatirirana, kamene kanabala mudzi umodzi. 240 wanu uja ayenera kuti anachokera pa timadontho 24 m'mbale ya kusungunula koyamba, kuchulukitsa ndi 10. Ndipo "<10" ya pa nsima sikutanthauza kuti anapeza 9 kapena 5. Ikutanthauza kuti m'mbalemo munalibe kadontho n'kamodzi komwe, koma poti anangoyeza gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu, sangalumbire kuti ndi ziro.

Malabotale ena m'malo mwa mbale amagwiritsa ntchito kapepala kotchedwa Petrifilm, kamene kali ndi chakudya chouma kale. Umangotukula kachikuto, kudontheza mililita imodzi, kutseka, basi. Patatha tsiku limodzi kapena awiri, timadontho tabuluu tokhala ndi kathovu pambali ndi E. coli, tofiira ta kathovu ndi coliforms ena. Kwa labotale yaing'ono ya pa boma ine ndimakonda imeneyi, chifukwa sipafunika kuphika agar ndipo zolakwika zimachepa. Vuto ndi mtengo wake, ndiponso paketi yosatsegula imafuna firiji.

Palinso njira yakale ya machubu, yotchedwa MPN, imene timaigwiritsabe ntchito tikamaganiza kuti tizilombo ndi tochepa kapena chakudya chili ndi nsenga zambiri zosokoneza m'mbale. Timaika machubu 9 a msuzi wa lactose, shuga wa mumkaka uja, atatu pa kusungunula kulikonse, ndipo m'chubu chilichonse muli kachubu kena kakang'ono kozondoka. Tizilombo tikadya shuga uja mpweya umakodwa m'kachubu kozondokako, thovu n'kuoneka pamwamba. Machubu a thovu timawasamutsira mumsuzi wina wa pa madigiri 44, ndipo potsiriza timadontheza mankhwala a Kovacs. Pamwamba pakazungulira mphete yofiira, E. coli wavomera mlandu. Nambala yake sitiwerenga timadontho, timakaiona pa tebulo la masamu. Machubu atatu oyamba onse akachita thovu, limodzi mwa atatu achiwiri, achitatu osachita, tebulo limati 43 pa galamu. Koma tebulo lomwelo limavomereza kuti nambala yeniyeni ikhoza kukhala paliponse kuyambira 9 mpaka 180. Ndatchula zimenezi dala. Pa ntchito ya tizilombo, 200 ndi 240 ndi nambala imodzi, ndipo woti akangane nanu pa kusiyana kotere sanagwirepo chubu. Kusiyana kumene timakusamala ndi kwa 20, 200 ndi 2,000.

Madzi anu anayezedwa mwa njira ina. Madzi akumwa amafunika kuyera kwambiri moti mililita imodzi siingakwane, ndiye timakoka mamililita 100 kudutsa pa kasefa kopyapyala koyera, kamene timabowo take ndi 0.45 micrometre. Madzi amadutsa, mabakiteriya amatsalira pamwamba. Kasefako timakanyamula ndi kopanira kotenthedwa pamoto n'kukagoneka pa kathonje konyowetsedwa ndi msuzi, ndipo pakutha maola 18 pa madigiri 44 timawerenga timadontho tachikasu. Zipangizo zake zonse zimakwana m'kasutikesi kamodzi ka batire, monga ka DelAgua, ndipo ndi zoterezi zimene magulu othandiza pa ngozi amayenda nazo m'misasa madzi akasefukira, monga zinachitikira kuchigwako mu 2015, mu 2019 ndi namondwe Idai, komanso mu 2023 ndi Freddy. Timadontho tachikasu timeneti ndi faecal coliforms, osati E. coli wotsimikizika, ndiye mufunse kuti 35 wa pa madzi anu ndi wa gulu liti. Njira ya Colilert imasiyanitsa bwino: madzi akasanduka achikasu muli coliforms, akawala pansi pa nyali ya UV muli E. coli. Pali kabotolo kenanso kotchipa kamene madzi ake amada bii ngati muli tizilombo totulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Kameneka n'kabwino pophunzitsira anthu kumudzi, chifukwa aliyense amaona ndi maso ake, koma kamanamizira madzi ena osalakwa, ndipo sindingatsekere munthu bizinesi pa umboni wa kabotolo kameneka.

Tsono tiwerenge pepala lanu. Pa madzi akumwa, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati E. coli asapezeke n'komwe mu mamililita 100. Pa zakudya zodyedwa osaphikanso, malangizo a ku Britain a 2009 amati pansi pa 20 pa galamu zili bwino, 20 mpaka 100 n'zokayikitsa, kupitirira 100 sizili bwino. Ndiye saladi yanu yagwa mayeso, madzi anu agwanso, koma nsima ndi nyama zakhoza. Zimenezi zikundiuza zambiri. Moto wanu ukugwira ntchito, chifukwa E. coli amafa chakudya chikatentha kufika madigiri 70 mpaka m'kati. Manja ndi zipande zogawira nsima sizikubwezeramo uve, apo ayi tikadamupezamo. Chimene sichipita pamoto ndicho chagwa, ndipo chimatsukidwa ndi madzi amene agwanso. Ine ndikanakhala woweruza, woyamba kumuitana kubwalo ndi chigubu chija. Wachiwiri ndi thabwa lodulirapo, ngati ndi lomwelo limene mumaduliraponso nyama yambuzi yaiwisi kapena kutumbulirapo mlamba.

Za chigubu pali mafunso awiri. Madziwo anabwera ali oipa kale, kapena anaipira m'manja mwanu? Kuchigwako mijigo yambiri ndi ya madzi amchere, ndipo anyamata otunga madzi pa njinga nthawi zina amakatunga pachitsime chosatetezedwa kapena kumtsinje osakuuzani. Koma kawirikawiri madzi amachoka pa mpopi ali abwinobwino n'kuipira m'ndowa, chifukwa cha kapu yoviika imene aliyense amaigwira, kapena chigubu chakukamwa kung'ono chimene m'kati mwake simunalowepo dzanja ndi sopo chigulireni.

Funso lanu lachiwiri lija, loti kodi a labotale sangalakwitse, ndi limene ndimafuna kukhalitsapo. Inde, angalakwitse, ndipo kulakwa kwambiri sikuchitikira pa tebulo la labotale, kumachitikira pa msewu. Chaka china mu Novembala ndinalandira masampulo ochokera kuchigwako, phala la ana ndi thobwa. Anatapidwa cha m'ma 8 koloko m'mawa, anandipeza cha m'ma 3 masana, ali m'jumbo yakuda imene inayenda pansi pa mpando wakutsogolo wa minibasi, pamwamba pa injini. Nditagwira botolo la phala linali lofunda ngati mwana wa malungo. La thobwa nditangopotokola chitsekero linathovokera pa tebulo ponse. M'mawa mwake mbale za phala zinali zosawerengeka, timadontho titagwirana kukhala chiphala chimodzi. Ndinalemba pa fomu kuti zotsatirazi sizinganene chilichonse za mmene phalalo linalili pophikidwa. Amene anatumizayo anandikwiyira, chifukwa anali atakonzeka kale kukadzudzula amayi ophika. Mpaka lero ndimaona kuti ndinachita bwino.

Masamu ake ndi awa. Pa kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37, E. coli wopeza chakudya chabwino amadzigawa pa mphindi 20 zilizonse. Pa maola 6 ndiye kuti wadzigawa ka 18, ndipo kachilombo kamodzi kasanduka toposa 260,000. Ku Nchalo mu Okutobala ndi Novembala mthunzi weniweniwo umafika madigiri 40. Kunena kwina, chigwa chonse chimakhala inkyubeta. Pa kabichi waiwisi sachulukana msanga chotere ngati m'phala kapena mumsuzi wa nyama, koma tomato wodulidwa akatulutsa madzi ake n'kusakanikirana ndi kabichi, chakudya chapezeka. N'chifukwa chake sampulo imayenera kulowa m'bokosi la ayezi nthawi yomweyo, kukhala pansi pa madigiri 8 koma osaundana, ndi kufika ku labotale tsiku lomwelo. Madzi amafunika kuyezedwa pasanathe maola 6, ndipo akapitirira maola 24 bola kungowataya.

Kulakwa kwina kumapita mbali inayo, kuyeretsa chinthu choipa. Madzi othiridwa klorini akatapidwa m'botolo lopanda mankhwala ozimitsa kloriniyo, otchedwa sodium thiosulphate, klorini amapitiriza kupha tizilombo m'njira ndipo labotale imapeza madzi oyera mwabodza. Sampulo ikaundana mu firiji tizilombo tina timafa. Magetsi akathima usiku inkyubeta n'kuzizira, E. coli amakula mofooka pomwe ena osafunika amamera. Labotale yosamala imaika mbale ziwiri zoonjezera tsiku lililonse, ina yopanda sampulo imene iyenera kutuluka yoyera, ina yoikamo dala E. coli wodziwika imene iyenera kutuluka ndi timadontho tabuluu. Imodzi mwa ziwirizi ikalephera, ntchito yonse ya tsikulo imabwerezedwa. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu nthawi imene sampulo inatapidwa, nthawi imene inalandiridwa, ndi kutentha kwake pofika. Pepala lolembedwa bwino limakhala nazo zonsezi.

Koma musathamangire kukondwa. Kutentha kwa m'njira kumachulukitsa E. coli amene analipo kale, sikumulenga. Ngati bokosi la ayezi panalibe, mwina 240 uja pochoka pa lesitilanti panu anali 40. Ziro sanali. Ndipo madzi a m'chigubu, momwe tizilomboti sitichulukana msanga, akuchitira umboni womwewo.

Za Salmonella zija, kachilombo kena kodwalitsa m'mimba, ndi nkhani yabwino, ndipo ndi zimene zinachedwetsa pepala lanu. Ameneyu sitimuwerenga, timangofuna kudziwa ngati alipo, chifukwa pa chakudya chodyedwa osaphikanso ngakhale mmodzi mu magalamu 25 saloledwa. Timatenga magalamu 25 mu mamililita 225 a msuzi wofatsa kwa maola pafupifupi 18 kuti tizilombo tovulala titsitsimuke, kenako kusamutsira mumsuzi waukali wa pa madigiri 41.5 umene umapondereza ena onse, kenako kupaka pa mbale yofiira ya XLD, pomwe Salmonella amamera ndi kadiso kakuda pakati. Kunena kuti palibe kumatenga masiku atatu, kutsimikiza kuti alipo masiku asanu kapena kuposa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kolera nayenso ali ndi njira yake: msuzi wa alkaline peptone kwa maola 6 mpaka 8, kenako mbale yobiriwira ya TCBS pomwe amamera wachikasu. Imeneyi siiyezedwa mwachizolowezi pa chakudya, imayezedwa pakabuka mliri, ndipo ngakhale pamenepo n'kosavuta kumupeza m'chimbudzi cha wodwala kusiyana ndi m'mbale imene anadyera, chifukwa pofika tsiku lofufuza chakudyacho chinatha kalekale.

Masiku ano kuli makina a PCR amene amasaka DNA ya kachilombo n'kuyankha pa maola ochepa. Ndi amphamvu, makamaka posiyanitsa mitundu yoopsa ya E. coli ndi yofatsa, koma ndi odula, ndipo amaonanso DNA ya tizilombo takufa, moti nyama yophikidwa bwino ikhoza kuoneka ngati yolakwa. Pa funso ngati lanu, mbale yotchipa ija imayankha bwino kuposa makinawo.

Pali zina zimene mbale ya E. coli siziona, ndipo wophika aliyense ayenera kuzidziwa. Mtundu woopsa wotchedwa O157, umene umakhala m'matumbo a ng'ombe ndipo umatsegula m'mimba mwa magazi, susanduka buluu pa TBX ndipo sukula bwino pa madigiri 44, choncho umafuna kusakidwa paokha. Mavayirasi samera pa mbale zimenezi. Ndipo mpunga wogona kunja kwa firiji ukhoza kusanzitsa anthu chifukwa cha kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, amene alibe chochita ndi chimbudzi ndipo poizoni wake satha ndi kutenthetsanso. Choncho "<10" si chikalata choti chakudya chingakhale pa tebulo tsiku lonse. Chophikidwa chizikhala pamoto chotentha kuposa madigiri 60, ndipo chikatsika pamoto chisapitirire maola awiri.

Mwati palibe kasitomala anadandaulapo. Ndikukhulupirirani, koma umboni umenewu ndi wofooka. Ambiri odya pa Nchalo ndi apaulendo, m'mimba mukawapotokola ali ku Nsanje kapena ku Limbe, ndipo amaloza chimene adya pomaliza, osati cha dzana. Tayifodi amatenga sabata imodzi mpaka ziwiri asanaonekere. Komanso wamkulu wozolowera akhoza kudya osamva kanthu pomwe mwana amene anamugawira tchipisi m'jumbo ndiye atsegule m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali m'gulu la maboma oyamba kukhudzidwa, anamondwe Ana ndi Gombe atagwetsa zimbudzi ndi kumiza zitsime. Pa nthawi ngati imeneyo, chigubu cha 35 chija chikhoza kunyamula zoposa E. coli.

Chochita sichovuta ndipo sichodula. Madzi onse a m'khitchini, otsukira masamba ndi mbale omwe, osati akumwa okha, azithiridwa WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo monga mwa muyezo wake, n'kudikira mphindi 30. Alangiziwo ali ndi timapiritsi ta DPD timene timasandutsa madzi kukhala apinki ngati klorini watsalamo wokwanira, pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi imodzi, pomwepo pakhomo panu, ndipo kwa inu n'kothandiza tsiku ndi tsiku kuposa labotale. Gulani ndowa ya kampopi kuti kapu isamaviikidwe. Kabichi muzichotsa masamba akunja, kumutsuka pa madzi oyenda osati m'beseni limodzi la m'mawa mpaka madzulo, ndipo akhale ndi thabwa ndi mpeni wakewake. Saladi muzidula pang'onopang'ono, ya ola limodzi kapena awiri, osati beseni lonse mbandakucha. Beseni losambiramo m'manja anthu onse lija lichoke, pabwere jagi yothirira ndi sopo.

Pakatha masabata awiri mukuchita zimenezi, pemphani kuti adzayezenso, kapena tumizani nokha ku labotale yoyeza zakudya polipira, monga ya Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, mutafunsiratu mabotolo awo ndi katapidwe kake. Ulendo uno musangopereka saladi. Atape madzi pamene mumatunga, atapenso madzi omwewo m'chigubu, apukute thabwa ndi kathonje konyowa, ndipo saladi aitape kawiri, itangodulidwa kumene ndi itakhala maola anayi. A potunga akagwa, vuto ndi gwero la madzi ndipo si lanu nokha, anzanu onse pamsikapo akumwa zomwezo. A potunga akakhoza koma a m'chigubu n'kugwa, vuto ndi kasungidwe. Madzi onse akakhoza koma thabwa n'kugwa, mwampeza. Saladi yatsopano ikakhoza koma ya maola anayi n'kugwa, ndiye kuti ndi dzuwa lakwanuko, ndipo mankhwala ake ndi kudula pang'ono kapena firiji. Atape m'mawa, Lolemba kapena Lachiwiri, inu mukuona kuti ayezi ali m'bokosi ndipo nthawi yalembedwa pa thumba lililonse. Lachisanu musalole, chifukwa sampulo yofika madzulo a Lachisanu nthawi zambiri imagona mu firiji mpaka Lolemba.